Zipinda zopanda kanthu mu uthenga wa kuchipatala

Mnzanga wa ku hositelo amaphunzira za makompyuta, ine ndimaphunzira mbiri yakale, ndipo pa nkhani za sukulu sitilowererana kawirikawiri. Koma usiku wina teremu yathayi ndinamupeza akukanda mutu kutsogolo kwa laputopu, tiyi atazizira pambali. Ankalemba pulogalamu yoti iziwerenga mauthenga amene makompyuta a m'chipatala amatumizirana, ndipo inkakana kumumvera. Nditasuzumira ndinaona mizere itatu yoyeserera, ya wodwala wongopeka:

MSH|^~\&|LAB|CHIPATALA|EMR|WODI|202403151030||ORU^R01|0001|P|2.5.1
PID|1||40217^^^CHIPATALA^MR||BANDA^CHISOMO||19980412|F
OBX|1|NM|718-7^Hemoglobin^LN||9.1|g/dL|12-16|L|||F

"Aise, ichi n'chiyani? Mwana wasewera pa kiyibodi?" ndinamufunsa. Iye anati ayi, umenewu ndi uthenga wa HL7, ndipo ukunena kuti magazi a Chisomo Banda ndi ochepa. Kenako anatukwana anthu amene anayambitsa kalembedwe kameneka, kuti anali aulesi ndiponso osaganiza.

Ine sindidziwa kulemba pulogalamu. Koma chaka chonse aphunzitsi akhala akutipanikiza kuti chikalata chilichonse chakale tizichifunsa mafunso atatu: anachilemba ndani, ankalembera ndani, ndipo anasiya chiyani. Nditayang'anitsitsa mizere ija ndinazindikira kuti nayonso ndi chikalata chakale, kungoti chikugwirabe ntchito. Ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo anthu amene mnzanga anawatukwanawo, ngakhale kuti nanenso ndili nawo mangawa anga.

Tiyambe ndi mmene uthengawo umawerengedwera, chifukwa popanda zimenezi nkhani yonse siimveka. Mzere uliwonse amautcha segment, ndipo umayamba ndi zilembo zitatu zosonyeza zimene uli nazo. MSH ndi mutu wa uthenga: wachokera kuti, ukupita kuti, ndi wamtundu wanji. PID ndi mzere wa wodwala. OBX ndi mzere wa chinthu chimodzi chimene chayezedwa. Mkati mwa mzere, timizere toimirira tija timagawa malo olembapo amene amawatcha field. Ine ndiziwatcha zipinda. Zipindazi zilibe mayina olembedwa pakhomo. Umazidziwa pongowerenga kuti ichi n'chachingati. Chipinda chachisanu cha PID ndi dzina, chachisanu ndi chiwiri ndi tsiku lobadwa, chachisanu ndi chitatu chimanena ngati munthuyo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Kachizindikiro kooneka ngati denga, ^, kamagawa chipinda m'tizigawo, n'chifukwa chake dzina la bambo ndi dzina loyamba zalekanitsidwa nako. Timizere tiwiri tikagundana, ||, ndiye kuti chipindacho chilipo koma mulibe kanthu. Ukangolumpha kamzere kamodzi, tsiku lobadwa limagwera m'chipinda cha eni ake.

Kalembedwe kameneka kanabadwira ku America, ndipo vuto limene kanabwera kudzathetsa linali la zipatala zolemera. Pofika zaka za m'ma 1970, zipatala zazikulu za kumeneko zinali zitayamba kugula makompyuta, koma dipatimenti iliyonse inkagula yake. Labotale inali ndi yake, kosungira mankhwala yake, kojambulira ekisire yake, ofesi yolipiritsa ndalama yake, ndipo iliyonse inkachokera ku kampani ina. Makinawa sankamvana. Dzina la wodwala mmodzi linkalembedwa kanayi kapena kasanu ndi manja osiyanasiyana, ndipo aliyense amene analembapo mayina a anthu pa ndandanda akudziwa zimene zimachitika zikatero. Chipatala chikafuna kulumikiza makina awiri, chinkalipira akatswiri kuti alembe mlatho wapadera wa makina awiriwo basi. Makina khumi, ngati aliwonse akufunika kulankhula ndi anzake onse, amafuna milatho 45.

Mmodzi mwa anthu amene anatopa ndi zimenezi anali dokotala Donald Simborg wa ku University of California, San Francisco. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1980, iye pamodzi ndi akatswiri a ku Applied Physics Laboratory ya Johns Hopkins analumikiza makompyuta a madipatimenti osiyanasiyana pa netiweki imodzi, n'kugwirizana kalembedwe kamodzi ka mauthenga. Kenako anatsegula kampani yake yogulitsa njira imeneyi, imene ankaitcha StatLAN. Apa tisamupange woyera mtima. Simborg ankachita bizinesi, ndipo bizinesi yake ikanayenda pokhapokha makampani ena atavomera chinenero chimodzi. Makampani akuluakulu ankakonda kuti chipatala chigule zonse kwa iwo okha.

Mu March 1987 kunachitika msonkhano ku chipatala cha University of Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia, ndipo kumeneko n'kumene bungwe la Health Level Seven linayambira. Dzinalo silitanthauza kuti kunali HL1 mpaka HL6. Linachokera ku chithunzi cha OSI chimene chimagawa kulumikizana kwa makompyuta m'masanjikidwe asanu ndi awiri. Lapamwamba, lachisanu ndi chiwiri, ndi la mapulogalamu enieniwo. Mu October chaka chomwecho anatulutsa kope loyamba la malamulo awo. Kope la 2.0 linatuluka mu 1988, ndipo la 2.1, limene zipatala zinayamba kuligwiritsa ntchito kwenikweni, linatuluka mu 1990.

Onani liwiro lakelo: msonkhano mu March, chikalata mu October. Anthu amenewa sanakhale pansi kuti alongosole bwino lomwe kuti matenda n'chiyani kapena wodwala ndi ndani. Anatenga zimene zinalipo kale n'kuzisoka pamodzi. Mizere ya zilembo zoyambirira ndi zizindikiro zogawira inali kale yofala m'mauthenga a zamalonda monga a X12, amene makampani ankatumizirana maoda ndi mainivoisi. Zizindikiro anasankha zimene sizipezeka kawirikawiri m'mawu wamba. Mayina a zipinda sanawalembe mu uthenga chifukwa mawaya a nthawi imeneyo ankayenda pang'onopang'ono, ndipo chilembo chilichonse chinali mtolo. Ngakhale chizindikiro chosaoneka chimene chimatseka mzere uliwonse, carriage return, dzina lake ndi la pa taipilaita, pamene mlembi ankakankha chonyamulira pepala kubwerera kumayambiriro. Mpaka lero pulogalamu imene ikuyembekezera kathedwe ka mzere ka masiku ano imatha kuona uthenga wonse ngati mzere umodzi wautali.

Vuto la mnzanga usiku uja linali laling'ono kuposa pamenepo, ndipo ndi lotchuka pakati pa ongoyamba kumene. Iye ankadula mzere uliwonse pa timizere toimirira n'kuwerenga zidutswa. Pa PID zinkayenda: chidutswa chachisanu pambuyo pa zilembo zitatu zija chinkakhaladi dzina. Koma pa MSH, akapempha chipinda chachisanu ndi chinayi, chimene chimanena mtundu wa uthenga, ankalandira 0001 m'malo mwa ORU^R01. Chifukwa chake n'chakuti mu MSH, kamzere koyamba kaja sikongogawira chabe. Iko komweko ndi chipinda choyamba, pakuti uthenga umayamba ndi kulengeza kuti "chizindikiro changa chogawira ndi ichi", ndipo zizindikiro zinayi zotsatirazo ndi chipinda chachiwiri. Motero mawerengedwe a MSH amasuntha ndi chimodzi. Kwa mnzanga uku kunali kupusa. Kwa ine zinaoneka ngati kalata imene mzere wake woyamba ukukuuza mmene uiwerengere, ndipo zinandisangalatsa kuposa mmene ziyenera kukhalira.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi zipinda zopanda kanthu za mu PID. Bwererani ku chitsanzo chija: chipinda chachiwiri ndi chachinayi zili pululu. Poyamba zinali ndi ntchito. Chachiwiri chinkasunga nambala ya wodwala yochokera kunja kwa chipatala, chachinayi nambala ina yapadera. Pofika kope la 2.3.1 la mu 1999, bungwe linaona kuti n'kwabwino nambala zonse za wodwala zikhale pa mndandanda umodzi m'chipinda chachitatu. Koma silinagumule zipinda ziwirizo. Likanatero, dzina likanasuntha kuchoka pa chisanu kufika pa chitatu, ndipo pulogalamu iliyonse m'zipatala zikwizikwi ikanayamba kuwerenga molakwika tsiku lomwelo. Lamulo la HL7 ya mtundu wachiwiri lakhala loti chipinda chatsopano chimamangidwa kumapeto kwa mzere, ndipo chakale sichisuntha ngakhale chitasiya kugwira ntchito. Pulogalamu yakale ikakumana ndi zipinda zimene sikuzidziwa, imangozidutsa.

Zotsatira zake n'zakuti mzere wa PID ukhoza kuwerengedwa ngati mmene akatswiri ofukula zakale amawerengera dothi, kungoti kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kumayambiriro kuli zimene kalaliki wolembetsa odwala ku America wa m'ma 1980 ankafunsa. Chipinda cha 6 ndi dzina la mayi ake a wodwala asanakwatiwe. Cha 10 ndi mtundu wa khungu. Cha 12 ndi county. Cha 19 ndi nambala ya Social Security, cha 20 ndi laisensi yoyendetsera galimoto. Kutsogoloko kuli chipinda chofunsa ngati munthu anagwirapo ntchito ya usilikali. Mu kope la 2.4 la mu 2000 munalowa zipinda zonena mtundu wa chiweto, chifukwa madokotala a ziweto nawonso anafuna kutumiza mauthenga. Kuyambira pamenepo "wodwala" akhoza kukhala ng'ombe. Mu 2.5 ya mu 2003 munalowa chipinda chonena fuko la eni nthaka a ku America limene munthu ali nzika yake. Ndiyeno pali mizere yathunthu, IN1 ndi GT1, ya inshulansi ndi ya munthu amene adzalipire bilu. Simufunika buku la mbiri kuti mudziwe kuti m'dziko limenelo funso lakuti "alipira ndani" limabwera msanga. Mzerewo ukunena wokha.

Mzere wa OBX uli ndi mbiri ina, ndipo m'maganizo mwanga ndiwo wanzeru kuposa yonse. Unachokera kwambiri ku ntchito ya dokotala Clement McDonald wa ku Regenstrief Institute mumzinda wa Indianapolis, amene anatsogolera kulemba muyezo wa ASTM E1238 wotumizira zotsatira za ku labotale, umene unatuluka mu 1988 ndipo unagwirizanitsidwa ndi HL7. Njira yosavuta ikanakhala kupatsa kuyeza kulikonse chipinda chake: ichi cha shuga, ichi cha magazi, ichi cha mkodzo. Koma zoyeza zatsopano zimabwera chaka ndi chaka, ndipo mzerewo ukanatalika mpaka kalekale. M'malo mwake OBX imanyamula funso ndi yankho. Chipinda chachitatu chimati "chayezedwa n'chakuti", chachisanu chimati "chapezeka n'chakuti", chachisanu ndi chimodzi chimanena muyeso wake. Mu chitsanzo chija, funso ndi hemoglobin, yankho ndi 9.1, ndipo L akuchenjeza kuti n'zotsika. Nambala ija 718-7 ndi ya mu LOINC, ndandanda ya mayina a zoyeza imene Regenstrief yomweyo inayambitsa mu 1994, ataona kuti envelopu imodzi sithandiza ngati labotale iliyonse ikutchula magazi ndi dzina lakelake. Chifukwa cha kamangidwe kameneka, pamene COVID-19 inabwera mu 2020, ma labotale a ku America sanafunike mzere watsopano. Anangolandira manambala atsopano a LOINC n'kuwaika m'chipinda chachitatu cha OBX, m'mauthenga a kope la 2.5.1 la mu 2007.

Tsopano mangawa anga. Kuti makampani opikisana avomere muyezo umodzi, HL7 inasiya zipinda zambiri kukhala zosakakamiza, ndipo inalola aliyense kupanga mizere yakeyake malinga ikuyamba ndi chilembo Z. Chipatala chikafuna kutumiza chinthu chimene bungwe silinachiganizire, chimangopeka ZPI kapena ZXY n'kuikamo. Kumasuka kumeneku n'kumene kunafalitsa muyezowu, ndipo n'kumenenso kunaudwalitsa. Anthu a ntchitoyi ali ndi nthabwala yakuti ukaona kulumikizana kumodzi kwa HL7, ndiye kuti waona kumodzi komweko basi. Zipatala ziwiri zikhoza kunena kuti zonse zimatsatira muyezo, koma china chikuika nambala ya wodwala apa, china apo. N'chifukwa chake panabuka ntchito yathunthu ya mapulogalamu omasulira pakati, monga Mirth Connect, ndiponso zida zowerengera mauthenga monga HAPI, imene inayambira ku University Health Network ya ku Toronto. Mnzanga atauzidwa kuti asiye kudula mizere ndi manja n'kugwiritsa ntchito chida chotere, anachita manyazi pang'ono, koma anthu ambiri anagwapo kale m'maenje amenewa.

Dzenje lina ndi loopsa kuposa la MSH lija. Mu HL7, chipinda chopanda kanthu ndi chipinda chokhala ndi zizindikiro ziwiri za mawu ogwidwa, "", sizitanthauza chimodzi. Chopanda kanthu chimati: sindikunenapo kanthu, zimene uli nazo zisiye choncho. Cha "" chimati: zimene uli nazo zifufute. Wolemba pulogalamu amene waziphatikiza ziwirizi akhoza kufufuta nambala ya foni ya wodwala chifukwa choti uthenga wina sunaitchule, kapena kusunga chinthu chimene namwino anachichotsa dala ataona kuti n'cholakwika. Ife a mbiri timathera maola ambiri kukangana za kusiyana kwa chikalata chimene changokhala chete ndi chikalata chimene chakana. Sindinkadziwa kuti mkangano womwewo ukhoza kukhala pa mizere iwiri ya pulogalamu, ndiponso kuti kumeneko wolakwa sangotaya malikisi.

Bungwe la HL7 lenilenilo linkadziwa zofooka zonsezi, ndipo linayesa kuyambiranso. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1990 linayamba kumanga mtundu wachitatu, umene unatuluka mu 2005. Ulendo uno anachita zimene a 1987 sanachite: anayamba ndi kulongosola dziko lonse la zaumoyo m'chithunzi chimodzi chotchedwa RIM, mmene chilichonse ndi chochitika, wochita kapena udindo, kenako n'kulemba mauthenga mu XML, mmene chipinda chilichonse chili ndi dzina pakhomo. Pa pepala zinali zokongola. Maboma ena, monga a ku England, Canada ndi Netherlands, anaugwiritsa ntchito m'mapulojekiti awo akuluakulu. Koma unali wovuta kuuphunzira, wodula kuukhazikitsa, ndipo sunkamvana ndi mtundu wachiwiri. Zipatala zambiri zinayang'ana timizere tawo takale, n'kuona kuti zotsatira za magazi zikufikabe ku wodi, ndipo sizinasunthe. Mu 2011 Grahame Grieve wa ku Australia anabweretsa maganizo amene anadzakhala FHIR, wogwiritsa ntchito njira zofanana ndi za mawebusaiti, ndipo kope lake loyamba loyeserera linatuluka mu 2014. FHIR ikufalikiradi. Koma taonani zimene inatengera: imangolongosola zinthu zimene ambiri amazifuna, zotsalazo imalola aliyense kuwonjezera yekha. Ndi mizere ya Z yomwe ija, itavala malaya ochapa. Ndipo mtundu wachiwiri sunafe. Kope la 2.9 linatuluka mu 2019.

Anzanga ena amene amakonda kunyoza zakale aphunzirepo kanthu apa. Chinthu chosokedwa mofulumira chinakhalitsa kuposa chinthu chokonzedwa mosamala, osati chifukwa anthu ndi opusa, koma chifukwa chakalecho chinasunga lonjezo limodzi: zimene munalemba chaka chatha zidzawerengekabe chaka chamawa. Chipatala sichingatseke kwa sabata kuti chiphunzire chinenero chatsopano.

Mungafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife. Ulusi wake ulipo, ndipo ndi waufupi kuposa mmene ndinkaganizira. Mu 2004 madokotala awiri a ku Regenstrief, Paul Biondich ndi Burke Mamlin, amene ankathandiza ntchito yosamalira anthu a HIV ku Eldoret m'dziko la Kenya, anagwirizana ndi a Partners In Health n'kuyambitsa OpenMRS, pulogalamu yaulere yosungira mbiri ya odwala. Anaimanga pa nzeru yomwe ija ya funso ndi yankho, ndipo m'zaka zake zoyambirira mafomu odzazidwa ankasandutsidwa mauthenga a HL7 asanalowe m'nkhokwe. Pulogalamu imeneyi yakhala ikugwiritsidwa ntchito ku Neno. Choncho maganizo a McDonald a m'ma 1980 anafika kwathu kuno, ndipo anafika bwino, chifukwa mzere wa funso ndi yankho sulabadira kuti funsolo ndi la shuga kapena la malungo.

PID ndiye imatipinga. Chipinda cha adiresi chimayembekezera msewu, mzinda, state ndi zip code. Munthu wa kwathu akafunsidwa kumene amakhala amatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, mwinanso n'kuwonjezera kuti kuseri kwa chigayo. Chipinda cha dzina chili ndi kachigawo ka "Jr" koma chilibe ka mfunda, ndipo mayi amene mudzi wonse umamudziwa kuti Nabanda akhoza kukhala ndi dzina lina pa chiphaso ndi linanso m'buku la kuchipatala. Zonsezi zimatheka kuzipanikizamo, koma aliyense amapanikiza m'njira yake, ndipo munthu wosankha kuti mudzi ulowe m'kachigawo ka msewu kapena ka mzinda nthawi zambiri amakhala mnyamata ngati mnzanga, pakati pa usiku, popanda womufunsa.

Tsiku lobadwa ndi limene linatikanganitsa kwambiri. Agogo anga aakazi sadziwa tsiku limene anabadwa. Amangoti anali khanda nthawi ya njala ya 1949, ndipo m'buku lawo la kuchipatala munalembedwa chaka chokha, 1948. Ndinkaganiza kuti apa ndiye ndawagwira anthu a ku Philadelphia aja, koma ndinalakwa. Malamulo a HL7 amalola kulemba chaka chokha m'chipinda chachisanu ndi chiwiri. 1948 ndi yankho lovomerezeka, lotanthauza kuti mwezi ndi tsiku sizikudziwika. OpenMRS nayonso ili ndi posonyeza kuti tsiku lobadwa n'longoyerekeza. Amene amakana ndi mapulogalamu olandira, chifukwa ambiri anamangidwa kuti tsiku lizikhala ndi manambala asanu ndi atatu basi.

Ndinamupempha mnzanga kuti ayese. Anafufuta 19980412 n'kulemba 1948, ndipo pulogalamu yake, imene tsopano inkawerenga MSH bwinobwino, inaima n'kudandaula. Anaikonza m'mphindi zochepa: ikapeza chaka chokha, iziwonjezera 0101. Ndinamuuza kuti wangowapatsa agogo anga tsiku lobadwa la 1 January limene iwo sanalitchulepo, ndipo kuti kompyuta yotsatira sidzadziwa kuti linali lopeka. Anati ntchitoyo ikufunika Lachisanu. Tinakangana mpaka magetsi anazima, ndipo m'mawa mwake ndinapeza atawonjezera mzere wina wosunga chizindikiro chakuti tsikulo n'loyerekeza, ngakhale sanandiuze.